SAPITWA: DZINA LOLETSA KAPENA LOLANGIZA?

Alipo maina a malo m'dziko lathu lino amene amangotchula malo basi, koma aliponso ena amene amachita kulankhula. Limodzi mwa maina olankhulawo ndi Sapitwa, nsonga yaitali koposa zonse pa phiri la Mulanje, imene kutalika kwake ndi mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, kapena tinene mapazi pafupifupi 9,850. Palibe malo ena m'Malawi muno, ngakhalenso m'Zambia, m'Zimbabwe ndi m'Mozambique, amene amafika pamenepa. Mwana aliyense amene adakhalapo pa benchi la sukulu ya pulayimale amalidziwa dzinali, ndipo mukamufunsa tanthauzo lake adzakuyankhani mosadodoma kuti ndi kumalo kumene munthu sapitako.

Tanthauzo limeneli latigawa ife Amalawi pawiri. Alipo ena amene amalimva dzinali ngati lamulo la chiletso, kotero kuti amabadwa, kukula ndi kukalamba akuliona phirilo tsiku ndi tsiku ali pakhonde pawo, koma osaganizapo n'komwe zokaponda pamwamba pake. Aliponso ena, makamaka ife amene tidapitako patsogolo pang'ono ndi sukulu, amene timaliseka dzinali monga nthano ya agogo yoopsezera ana, ndipo tikalowa m'phirimo timayenda modzikuza ngati tili pa msewu wa tala. Maganizo anga ndi akuti magulu onse awiriwa adalimva molakwa dzinali. Kwa ife a lero Sapitwa si mpanda wotseka njira ayi, koma chenjezo loikidwa pakhomo. Phirili liyenera kukweredwa, ndipo liyenera kukweredwa ndi eni ake, makamaka achinyamata a m'sukulu zathu. Koma liyenera kukweredwa ndi ulemu umene dzinalo likupempha. Nkhani yanga yagona pamenepa.

Tiyambe taliona kaye phirilo. Amene amangoliona ali m'basi pa msewu wochokera ku Limbe amayesa kuti ndi mwala umodzi waukulu, koma zoona zake n'zakuti Mulanje ndi dziko lina lopachikika m'mwamba. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 26, m'lifupi 22, ndipo lidangoti njo pakati pa chigwa chimene chili pa mamita 600 kapena 700 okha. Akatswiri a miyala amatiuza kuti zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo mwala wosungunuka udakwera kuchokera m'kati mwa dziko, nuzizira usadatulukire kunja. Ndipo m'kupita kwa nthawi mvula ndi mitsinje zidakokolola miyala yofewa imene idaukuta, n'kusiya mwala wolimbawo uli chilili. Munthu akatha chikweza choyamba amafika pa madambo aakulu a udzu, pa mamita pafupifupi 2,000, monga a Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani. Pamwamba pa madambowo m'pamene pamayambira nsonga zenizeni, ndipo zokwana 20 mwa izo zimapitirira mamita 2,500. Chambe ali ndi thanthwe la kumadzulo looneka ngati khoma losalala lofika kumitambo. Ndipo kuseri kwa mpata wa Fort Lister kwaima Michesi payekha ngati mwana amene adatuluka pa banja n'kukamanga yake.

Khomo lodziwika kwambiri ndi la ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya za nkhalango. Kuchokera pamenepo pali njira ziwiri zopita ku dambo la Chambe. Ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira, ndipo idatenga dzina lake ku chingwe cha waya chimene kale chinkatsitsa matabwa kuchokera pamwamba. Ya Chapaluka ndi yozungulira, yotsata mtsinje, ndipo imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Munthu wamphamvu zake amayenda maola atatu kapena anayi kuti afike ku Chambe. Pa madambo onsewa pali tinyumba ta alendo, monga ta Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu ndi Madzeka, ndipo kalikonse kali ndi mlonda wake amene amakonza nkhuni ndi madzi. Wofuna kufika pa Sapitwa amagona ku kanyumba ka Chisepo, m'tsinde mwa nsongayo, nalawira kusadache. Kuyambira apo njira monga tiidziwira imatha. Pamatsala matanthwe osalala oti munthu akwere ndi manja ndi miyendo, miyala yaikulu ngati nyumba yoti aziilumpha kapena kukwawa pansi pake, ndi timitengo topindikapindika tokutidwa ndi ndere. Chimene chimatsogolera ndi timadontho ta penti yofiira pa miyala. Kukwera kumadya maola atatu kapena anayi, kutsika nakonso pafupifupi chimodzimodzi. Koma kukakhala kuti kunja kwayera, amene wafika pamwambapo amaona nyanja ya Chilwa, phiri la Zomba, minda ya tiyi yobiriwira ngati mphasa, ndi mapiri a ku Mozambique atandandalika kutali.

Tsono funso ndi ili: kodi zokongola zonsezi wakhala akuziona ndani? Tisabisane mawu. Kwa zaka zambiri, kuyambira nthawi ya atsamunda, kukwera phiri la Mulanje chifukwa chongofuna kuliona kudali kwa alendo ochokera kunja ndi azungu ogwira ntchito m'minda ya tiyi ndi m'makampani a ku Blantyre. Ngakhale kalabu ya okwera phiri, imene lero imatchedwa Mountain Club of Malawi, idayambitsidwa ndi anthu otere m'zaka za m'ma 1950. Mpaka lero mukauza munthu wa kumudzi kuti mukupita ku phiri, funso lake loyamba ndi lakuti, "Mukukatengako chiyani?" Mukayankha kuti palibe, amakuyang'anani mwachifundo, nanena kuti zimenezo n'zachizungu.

Mawu amenewa ndi odabwitsa, pakuti palibe anthu okwera phirili koposa anthu athu. Amayi a m'midzi ya m'tsinde mwake amakwera m'bandakucha n'kutsika ndi mitolo ya nkhuni yoti mwamuna wa m'tauni sangaidzutse n'komwe. Anyamata amatsika m'njira zoterera atasenza matabwa aatali pamutu, mapazi ali pansi. Chaka ndi chaka pamachitika mpikisano wa onyamula katundu wotchedwa Porters' Race, umene umayambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20. Ndipo opambana amatsiriza m'maola osakwana atatu ulendo umene mlendo amauyenda masiku awiri. Chimene chatisowa si mphamvu kapena kulimba mtima ayi. Chatisowa n'chakuti takhala tikulowa m'phiri lathu ngati antchito okha, okatenga kanthu kapena onyamulira ena, osati ngati eni ake okayendera chuma chawo. N'zokondweretsa kuti m'zaka zaposachedwapa magulu a achinyamata a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe ayamba kukwera mapiri pa Loweruka. Koma ana ambiri a m'sukulu za boma, ngakhale a ku Mulanje ndi Phalombe kumene, akadali kunja kwa mwayi umenewu.

Aphunzitsi anzanga, ife tidziwa mavuto amene timawaona pophunzitsa jogalafe. Timajambula pa bolodi mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo, n'kuwauza ana kuti pamene mizere yathithikana ndiye kuti malowo ndi oimirira. Iwo amalemba, amaloweza, amakhoza mayeso, koma osamvetsa. Mwana yemweyo mukamutenga pa njira ya Skyline ali ndi mapu m'manja, mizereyo amaimva m'mawondo mwake, ndipo sadzaiwalanso. Timaphunzitsa kuti mphepo yachinyontho ikakumana ndi phiri imakwera, kuzizira, n'kusanduka mvula. Pa Lichenya mwana amaona mtambo ukubadwa pansi pa mapazi ake. Timaphunzitsa za magwero a mitsinje. Pamwambapo amaona kadziwe kakang'ono m'udzu, namva kuti timadzi totere n'timene timapanga Ruo, mtsinje umene uli malire athu ndi Mozambique mpaka kukathira mu Shire ku Chiromo. Masiku atatu a m'phiri amaphunzitsa zimene teremu yathunthu ya choko imalephera.

Palinso phunziro lina limene silili pa silabasi. Pa chikweza palibe mwana wa bwana kapena wa mlimi, palibe woyamba m'kalasi kapena wotsiriza. Onse amapuma wefuwefu mofanana, ndipo kawirikawiri amene amanyozeka m'kalasi ndiye amasenza chikwama cha mnzake. Mwana amene wadziona akutha chinthu chimene m'mawa mwake ankati sangathe amatsika ali munthu wina. Ndipo atsikana asasiyidwe m'mbuyo pa nkhani imeneyi, pakuti ngati amayi awo amatsika phiri lomweli ndi nkhuni pamutu, palibe chifukwa chonenera kuti ana awo aakazi sangalikwere ndi buku m'chikwama.

Koma apa m'pamene gulu loyamba lija liyenera kumvedwa, chifukwa mantha awo si opanda pake. Phiri la Mulanje limapha, ndipo lapha anthu odziwa ndi osadziwa omwe. Chimene chimapha kwambiri si zilombo kapena njoka ayi, koma nyengo. Tiyeni tichite masamu pang'ono. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kwa mpweya kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Kuchokera m'chigwa kufika pa Sapitwa pali mamita oposa 2,300. Ndiye kuti pamwambapo pamazizira ndi madigiri pafupifupi 15 kuposa pansi. Pamene pa boma la Mulanje anthu akuyenda ndi malaya okha, pa nsonga pamakhala poti munthu n'kuuma zala, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimagwa pa madambo usiku mpaka udzu kuyera. Onjezanipo chiperoni, mphepo yozizira ndi yachinyontho yochokera ku nyanja ya Indian, imene idatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti mphepoyi imafika mosagogoda, ndipo imatha kukhala masiku angapo. Chifunga chikatsika, mnzako amene ali mapazi khumi patsogolo pako sumuona, timadontho ta penti tija timasowa, miyala yonse imafanana, ndipo thanthwe limene unakwera bwinobwino m'mawa limaterera ngati sopo.

Chotsatira chake madokotala amachidziwa bwino. Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Zovala zikanyowa, mphepo n'kumaomba, m'mimba muli njala, kutenthako kumayamba kuthawa. Ndipo kukatsika kupyola pa 35 munthu amanjenjemera kosaleka, amapunthwapunthwa, lilime limalemera, nzeru zimasokonezeka, kenako pamadza tulo tokoma timene ambiri sadzukanso nato. Ena amafika povula zovala, poyesa kuti akumva kutentha. Choopsa koposa n'chakuti nzeru ndizo zimayamba kuchoka, kotero kuti munthu amene ali yekha sazindikira kuti akufa. Amene angamupulumutse ndi mnzake woti aone kuti mayendedwe asintha, amuveke zouma, amupatse tiyi wa shuga, namubweza. Akuluakulu adati kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Pa Sapitwa mwambi umenewu ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Mbiri ya phirili ikutiphunzitsa zomwezo. M'chaka cha 1949 mkulu wina wa za nkhalango, Fred France, amene phirili ankalidziwa ngati chikhatho chake, adakokoloka ndi madzi poyesa kuoloka mtsinje wodzaza m'chigwa cha Ruo, mvula itagwa mosalekeza. Imfa yake idalembedwa m'buku la Laurens van der Post lotchedwa Venture to the Interior, ndipo kanyumba kena ku Chambe kamadziwikabe ndi dzina lake. M'chaka cha 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands adanyamuka yekha kulunjika ku Sapitwa, ndipo ngakhale anthu ambiri adamufunafuna kwa masiku ochuluka, sadamupeze. M'mwezi wa Julayi 2009 mnyamata wina wa ku Brazil, wophunzira kwambiri za chuma, amene adali atayenda maiko ambiri, adasiya womuperekeza napitirira yekha. Nyengo idasintha, ndipo mtembo wake udapezeka patapita pafupifupi milungu itatu, atafa ndi kuzizira. Sitikuwatchula anthuwa mowanyoza ayi, pakuti adali olimba mtima ndipo abale awo adalira monga tilira ife. Koma taonani: woyamba adalimbana ndi madzi, wachiwiri adayenda yekha, wachitatu adasiyana ndi wodziwa njira. Maphunziro, unyamata ndi mphamvu sizidawathandize.

Tsono tiyeni tibwerere kwa agogo aja amene timawaseka. Kodi iwo ankati chiyani za phirili? Ankati kumeneko kumakhala mizimu, ndipo munthu salowako mwachibwana. Ankati usapite wekha, usapite osatsanzika, usachite phokoso kapena matama, ndipo phiri likakwiya n'kudziphimba ndi mtambo, bwerera. Ankati ukapeza chakudya chokonzakonza m'njira, idya pomwepo, koma usatengeko kupita nacho kumudzi. Ankasimba za Akafula, anthu aafupi amene ankafunsa mlendo kuti wawaonera pati, ndipo woyankha mwachipongwe sankabwerera. Ankathira nsembe ku Dziwe la Nkhalamba ndi kumalo ena opatulika popempha mvula. Ine sindine woweruza pa nkhani za mizimu; aliyense ali ndi chikhulupiriro chake. Koma ndikupempha owerenga aike malamulo a agogowa pambali pa malangizo amene akatswiri okwera mapiri amapereka lero. Usayende wekha. Uza anthu kumene ukupita ndi nthawi imene ubwere. Usadzikuze. Nyengo ikasintha, tsika. Usachotse kanthu m'phiri. Kodi pali kusiyana kwanji? Wina adalemba ndi inki, wina adalemba ndi mantha m'mitima ya ana, koma phunziro ndi limodzi. Zoonadi mawu a akulu akoma akagonera.

Chochititsa manyazi n'chakuti dziko lapansi latitsogolera pozindikira zimenezi. M'mwezi wa Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, kukhala malo achitatu a m'Malawi muno, kutsatira paki ya Nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni mu 2006. Ndipo chimene chidalipezetsa ulemu umenewu si kutalika kwake ayi, koma chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, amene amaliona ngati malo opatulika ndi kulisunga ndi miyambo yawo. Zimene ife ophunzira tinkazitcha zachikunja ndi zachikale ndizo zimene maiko ena adati n'zoyenera kusungidwa mpaka kalekale.

Nzeru zimenezi lero zili m'manja mwa anthu amene sitiwapatsa ulemu wokwanira, ndiwo operekeza alendo ndi onyamula katundu, amene ku Likhubula amangowatchula kuti magaidi ndi mapotala. Ambiri a iwo sadafike patali ndi sukulu, koma amadziwa kuwerenga mtambo monga ife tiwerengera nyuzipepala. Amadziwa mtsinje umene umadzaza msanga, mwala umene umaterera, phanga limene munthu angabisalemo, ndi kasupe amene saphwa. Munthu akasowa, ndiwo amene amakwera usiku kukamufuna, ndipo ndiwo amene amatsika ndi ovulala pamachira. Komabe timaona anthu a madigiri awo akukangana nawo pa mtengo ngati akugula tomato, kapena kunena kuti, "Ine ndili ndi mapu m'foni, gaidi ndi wa chiyani?" Foni imatha moto msanga m'malo ozizira, netiweki m'phirimo ndi ya apa ndi apo, ndipo palibe foni imene idasenzapo munthu wothyoka mwendo. Safunsa adadya phula. Mphunzitsi amene akwera ndi ana ayenera kuwauza poyera kuti kuyambira pa chipata cha Likhubula mphunzitsi wamkulu ndi gaidi, ndipo iye mwini akhale woyamba kumumvera. Ana akaona aphunzitsi awo a digiri akumvera munthu wa nsapato zong'ambika chifukwa cha nzeru zake, adzakhala ataphunzira chinthu chachikulu kuposa jogalafe.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti zonsezi n'zabwino pa pepala, koma sukulu zathu zilibe ndalama, ndipo makolo sangalole. Za ndalama, tiyeni tiwerengere bwino. Ulendo wa m'phiri sufuna hotela kapena zovala za m'sitolo zodula. Umafuna galimoto yokafika ku Likhubula, malipiro olowera ndi ogonera m'kanyumba, malipiro a magaidi, ndi chakudya chimene ana amadya kale kwawo: ufa, nyemba, usipa, mtedza, mbatata, shuga ndi masamba a tiyi. Sukulu zimene zimapeza ndalama zotumizira timu ya mpira ku boma lina, kapena zochitira phwando la otsiriza Fomu 4, sizinganene kuti ulendo umodzi pa chaka ndi wosatheka. Kalabu ya zachilengedwe ikhoza kulima dimba kapena kusonkha pang'onopang'ono kuyambira teremu yoyamba. Za makolo, nkhawa yawo ndi yoyenera, ndipo yankho lake si kuwaseka koma kuwaonetsa dongosolo.

Dongosololo ndi ili. Sankhani nyengo yabwino, makamaka kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala, chiperoni atachepa ndipo mvula isadayambe; m'dzinja, pamene mitsinje imadzaza m'kanthawi kochepa ndi ziphaliwali zili ponseponse, ana asakwere. Lembetsani maina onse ku ofesi ya za nkhalango, munene njira yanu ndi tsiku lobwerera. Gulu likhale laling'ono loti mphunzitsi aliwerenge ndi maso, gaidi mmodzi patsogolo, wamkulu wina pambuyo, ndipo liwiro la gulu likhale la mwana wofooka koposa onse. Pakakhala atsikana pakhalenso mphunzitsi wamkazi. Mwana aliyense akhale ndi juzi, chodzitetezera ku mvula ngakhale chitakhala pepala la pulasitiki, bulangeti, zovala zosinthira zokulungidwa m'jumbo kuti zisanyowe, nsapato zogwira pansi, botolo la madzi ndi kachakudya ka m'thumba. Gulu likhale ndi matochi, machesi, wenzulo ndi bokosi la mankhwala. Mwana wodwala mphumu, mtima kapena khunyu ayambe waonana ndi achipatala. Mowa usakwere nawo. Ndipo musadanyamuke ku Chisepo, gwirizanani ola lobwerera. Olalo likakwana, tembenukani, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi ngati poponya mwala.

Mfundo yotsirizayi ndiyo yovuta koposa, chifukwa imalimbana ndi kunyada. Masiku ano pali mtima woti ulendo wosafika pa nsonga ndi wolephera, ndiponso woti chachikulu n'kujambulitsa chithunzi pamwamba kuti anzathu achione pa Facebook. Mtima umenewu ndiwo umapha. Kunena zoona, ulendo woyamba wa sukulu suyenera kulinga ku Sapitwa n'komwe. Ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 akafika ku Dziwe la Nkhalamba ndi ku dambo la Chambe aona zokwanira. Akuluko angathe kuyenda kuchokera ku Chambe kupita ku Lichenya. Sapitwa asiyidwire ochepa amene adakwerapo kale, amene aonetsa kuti amamvera, ndipo pa tsiku limene gaidi wavomera. Kuthamanga sikufika. Munthu amene wabwerera atatsala pang'ono kufika chifukwa cha chifunga sadagonje. Wangosonyeza kuti dzina la nsongayo walimva. Phiri silisamuka, adzalipeza chaka chamawa.

Pali chifukwa china chimene ndikuumirira kuti ana athu akwere, ndipo ndicho chachikulu koposa. Phirili likudwala, ndipo odwazika ake ndi ochepa. Boma lidalisandutsa nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1927. Pamwamba pake pamamera mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fungo lokoma umene chiswe sichiudya, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo mu 1984 udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Koma macheka a anthu akuba, moto wa osaka nyama ndi mitengo yachilendo monga paini zidaugwirira pamodzi, kotero kuti kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo yaikulu yamoyo 7 yokha. Mabungwe monga Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi akhala akufesa ndi kubzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo moto wa tsiku limodzi umatha ntchito ya zaka zisanu. Nkhani ya mtengowu tidzaikamba payokha m'ngodya ino tsiku lina. Pano ndingonena kuti mwana amene wawerenga za mkungudza m'buku amangokhoza funso la mayeso, koma amene waimirira pakati pa zitsa zake, namva fungo lake likutuluka m'mabala a nkhwangwa, amatsika ndi mkwiyo woyenera. Munthu sateteza chinthu chimene sadachionepo.

Ndipo tisayese kuti matenda a phiri amathera m'phiri momwemo. Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila, Phalombe ndi Muloza imamwetsa midzi, imathirira minda, ndipo madzi a Likhubula amafika ndi m'mipopi ya ku Blantyre. Anthu a ku Phalombe sadaiwale Marichi wa 1991, pamene Napolo adatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi matope, napha anthu mazanamazana. Sitidaiwalenso Marichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy adakokolola midzi m'chigawo cha kumwera, Mulanje ndi Phalombe ali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, ndipo omwalira ndi osowa pamodzi adaposa 1,000. Mvula yotere ikhoza kugumula phiri ngakhale lili ndi mitengo. Koma palibe angatsutse kuti mtsetse wometedwa mpala ndi ootcha makala umasiya madzi athamange msanga ndi mwaukali kuposa wokutidwa ndi nkhalango. Amene adzakhale ma DC, aphungu, mafumu, oweruza ndi alangizi a za nkhalango zaka 20 zikudzazi ali m'makalasi mwathu lero. Pa tsiku limene adzafunsidwe kusaina chikalata chokhudza phirili, kaya cha mitengo, kaya cha migodi, kaya cha madzi, kudzakhala bwino ngati adzakhale atagonapo pa Lichenya ndi kumwa madzi a pa gwero.

Kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwangotsiriza sukulu ndipo mukudikira zotsatira za mayeso, mawu anga ndi awa. Musamathere tsiku lonse pa bawo ndi pa foni, n'kumanena kuti m'dziko muno mulibe choona. Sonkhanani anayi kapena asanu, sungani pang'onopang'ono, tsanzikani makolo, pezani gaidi, mukwere. Inu a kufupi ndi phiri, musanyoze ntchito yoperekeza alendo. Munthu amene waphatikiza nzeru za akuluakulu a ku Likhubula ndi Chingerezi, sayansi ndi mbiri zimene waphunzira kusukulu ali ndi ntchito yolemekezeka m'manja mwake. Ndipo inu aphunzitsi anzanga, tisalole kuti mwana wa ku London kapena Rio de Janeiro azilidziwa phiri la Mulanje kuposa mwana wa ku Chitakale.

Dzina lakuti Sapitwa tisalisinthe, ndiponso tisaliseke. Tiliwerenge lonse monga makolo akadalimaliza akadakhala nafe lero: sapitwa ndi munthu mmodzi, sapitwa ndi wodzikuza, sapitwa ndi wothamanga, sapitwa ndi wokana malangizo, sapitwa ndi wonyamula nkhwangwa ndi moto. Amene wamva zimenezi njira ndi yake, pakuti phirilo ndi lake.